Kumbali Kwanga, Osati Kumbuyo

Zaka zinayi zapitazo, Kamphepo anapita kwa wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa msika n'kumuuza kuti adule zogwirira za kumbuyo kwa njinga yake ya olumala. Anali atatopa. Munthu ukuyenda bwinobwino, ukuganiza zako, umangozindikira njinga yayamba kuthamanga yokha, kumbuyo kuli bambo wosawadziwa akupuma wefuwefu, ati akukuthandiza. Kumene ukupita sanakufunse. Tsiku lina mayi wina wachifundo anamuwolotsa msewu umene anali atangowoloka kumene, n'kumusiya tsidya lomwe anachokera, kenako n'kuima pomwepo kudikira zikomo.

Zogwirirazo zitadulidwa, mtendere unabwera. Achifundo aja ankafika kumbuyo manja ali m'malere n'kupeza palibe pogwira, iye n'kuwasiya akudabwa, akutsetsereka ndi liwiro limene linamupatsa dzina lakelo.

Ndiye tsiku limene wowotcherera uja anamuona akubwera ndi tizitsulo tiwiri tomwe tija m'jumbo, anavula magalasi ake akuda n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, si inu munalumbira pano kuti wokukankhani adzayambe wadzikumbira manda?"

"Wotchererani, bambo. Mafunso ndi a kupolisi."

"Manja atopa kodi?"

"Manja alibe vuto."

"Ndiye kuti vuto lili pamtima," anatero bamboyo akumukokera benchi kuti asamukirepo. "Mnyamata wamwayiyo ndani?"

Kamphepo anadzinyamula ndi manja ake n'kukhala pabenchipo, akuyang'ana moto ukuthetheka pa njinga yake. Bamboyo analasa pamtima ndithu, koma anaphonya pamnyamata. Wamwayiyo anali mkazi, ndipo ankagulitsa matikiti pa depoti ya mabasi.

Windo la pa depotipo ndi lalitali. Munthu wokhala pa njinga amangoonekera tsitsi lokha, ndipo ogulitsa ambiri ankapatsira tikiti ya Kamphepo munthu woima kumbuyo kwake, kudutsitsa pamutu pake ngati palibe aliyense. Koma tsiku lina chitseko cha m'mbali chinatseguka, panatuluka mtsikana wamtali wa mpata kumano. Ananjuta pamaso pake n'kufunsa kuti, "Mukufuna mpando wa kuwindo kapena wa pakati?" Mzere wonse unadandaula, iye osatekeseka. Kuyambira pamenepo Kamphepo anakhala ndi maulendo ambiri osadziwika bwino, ndipo anamupatsa mtsikanayo dzina loti Tikiti.

Chibwenzi chawo chinali chitatha miyezi isanu ndi iwiri, koma pamsewu ankayenda ngati anthu ongokumana. Akazi awiri kuyang'anizana m'maso nthawi yaitali, anthu amayamba kunong'ona. Maganizo obwezeretsa zogwirirazo anabwera ndi Tikiti.

"Taganiza," anatero tsiku lina. "Ndikamakukankha, nditha kuwerama n'kukunong'oneza kukhutu. Nditha kukugwira paphewa. Ndani angatiyang'ane kawiri? Adzangoti ndine wokuthandiza."

Kamphepo anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi anakumbukira mmene mpweya wa Tikiti umamvekera pakhosi pake, ndipo anapita kukasaka tizitsulo tija pansi pa bedi.

*

Nzeruyo inagwira ntchito, ndipo inagwira mopyola muyezo.

Sabata yoyamba inali ya uchi wokhawokha. Ankadutsa pakati pa tauni masana dzuwa likuswa mtengo, Tikiti atawerama ngati akufunsa za ululu wa msana pamene akunena zinthu zoti wansembe atamva angakomoke. Kamphepo ankaluma mlomo kuti asaseke. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake anagwiridwa ndi wokondedwa wake pagulu, anthu akuona, popanda wotukwana.

Koma walira mvula walira matope. Anthu anayamba kumuimitsa Tikiti panjira. "Mulungu akudalitse, mwanawe. Atsikana a masiku ano ndani angachite zimenezi?" Agogo ena anamupatsa lalanje. Kamphepo, amene kale ogulitsa m'misewu ankamukuwira ndi dzina, tsopano ankangodutsidwa ndi maso ngati katundu wa pa wilibala.

Loweruka lina analowa m'malo ena omwera tiyi. Woperekera zakudya anafika ndi kabuku kake, n'kuyang'ana Tikiti.

"Inu mumwa chiyani? Nanga odwalawa?"

Funso lotere Kamphepo analizolowera, ndipo yankho lake linali lokonzeka kale palilime. Koma asanatsegule pakamwa anamva mawu a Tikiti.

"Awa apatseni tiyi wamkaka, shuga pang'ono. Asatenthe kwambiri."

Woperekerayo anachoka. Kamphepo anayang'ana nsalu ya patebulo. Mtima unamuwawa kuposa tsiku lililonse limene mlendo anamuchitapo chipongwe, chifukwa mlendo sakudziwa.

"Bwanji?" anafunsa Tikiti. "Si mmene umamwera?"

"Pakamwa panga pali bwinobwino. Yofa ndi miyendo."

"Iwe, ndimangosewera sewero lathu lija."

"Ukulisewera bwino kwambiri. Mpaka 'asatenthe'? Unandionapo ndikupsa ndi tiyi?"

"Tsitsa mawu, anthu akutiyang'ana."

"Akuyang'ana iwe. Ine anasiya kundiona sabata yatha."

Tiyi anabwera, anazizira osamwedwa. Pobwerera Kamphepo anapalasa yekha, mwaliwiro loti Tikiti anachita kutsatira chothamanga, chikwama chikumumenya m'chiuno. Madzulo ake foni inalira kasanu. Uthenga womaliza unali wakuti: "Ndalakwa. Ndinachita mantha ndi mmene woperekera tiyi uja amatiyang'anira. Usandikwiyire mpaka mawa, sinditha kugona." Kamphepo anauwerenga katatu, n'kuyankha kuti: "Gona. Koma usadzandiyankhirenso." Anakhululuka, pakuti ankamukonda, koma kanthu kena kanatsala kakubaya ngati kamwala mu nsapato.

*

Mbiri ya mtsikana wamtima wabwino inafika kwa amayi ake a Kamphepo kudzera mwa anzawo a kutchalitchi, ndipo analamula kuti abwere naye kunyumba Lamulungu.

Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu, yokhala ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Pakhomo panali potsetsereka pasimenti pamene achimwene ake a Kamphepo anamanga ndi manja awo, n'kuphwanya kawiri konse mpaka njinga itamakwera bwino. Achimwenewo ankayendetsa lole ya katundu, ndipo ankakhala pakhomo masiku owerengeka pamwezi. Mwatsoka, Lamulungu limenelo analipo.

Tikiti anafika atavala diresi lalitali limene Kamphepo anali asanalionepo. Anagwada popereka moni, analandira madzi ndi manja awiri, ndipo atatha kudya anathamangira kukatsuka mbale amayi akumuletsa. Achimwene, amene nthawi zonse akakhuta amakagona, tsiku limenelo anakhalabe pampando, akusisita ndevu n'kumafunsa mafunso a mabasi ngati akufuna kugula imodzi.

"Ndiye mumamuthandiza chonchi tsiku lililonse?" anafunsa amayi.

"Ndikapeza mpata, amayi."

"Osatopa? Uyutu ndi wamakani. Anatengera malemu bambo ake."

"Ndinamuzolowera," anatero Tikiti akumwetulira, ndipo anatenga kansalu n'kufunditsa miyendo ya Kamphepo, kunja kukutentha chonchija. Kamphepo anakachotsa n'kukaponya pampando.

Amayi anapumira m'mwamba. "Mukuona? Ine chimene chimandisowetsa tulo n'chimodzi. Uyu za banja tinaiwalako, ndi mmene Mulungu anafunira. Koma ine ndikadzatsikira kulichete, adzamusunga ndani? Mlongo wakeyu akadzakwatira mkazi wouma mtima, mwana wanga adzagona pakhonde. Ndimapempha usiku ndi usana kuti pakhomo pano padzabwere mpongozi wodziwa kusamala wolumala."

Ananena zimenezi maso ali pa Tikiti, kenako pa mwana wawo wamwamuna, kenako pa Tikiti kachiwiri. Ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka akanamva.

Mlendo atapita, achimwene analowa kuchipinda kwa Kamphepo, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anakhala pamphepete pa bedi n'kumasewera ndi makiyi a lole.

"Mlongo, mnzako uja ali ndi munthu?"

"Ali naye," anatero Kamphepo.

"Wotsimikiza? Wakaonekera kwawo?"

"Ayi."

"Ndiye palibe munthu pamenepo," anaseka achimwene. "Tandipatsa nambala yake. Komanso ukandinenereko zabwino, iwe amakumvera. Ukamuuze kuti sindimwa, ndipo chaka chamawa ndisiya maulendo ataliatali. Taganiza, mlongo, mnzako akhala mlamu wako, nyumba imodzi. Sudzavutikanso."

Ankanena ndi mtima wonse, nkhope ikuwala, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Munthu amene anamumangira potsetsereka ankamupempha kuti amufunsirire mkazi wake yemwe. Kamphepo ananama kuti foni yatha moto.

*

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachiwiri masana, tsiku limene Tikiti sankagwira ntchito, Kamphepo anapalasa mpaka ku nyumba imene wokondedwa wakeyo ankachita lendi. Chipindacho chinali pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo miyezi yonseyi anali asanachionepo mkati, chifukwa pakati pa iye ndi chitsekocho panali masitepe khumi ndi asanu ndi anayi. Tikiti anadziperekapo kangapo kuti amubereke, iye n'kukana. Anasiya kuberekedwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Anapempha mayi wa musitolo kuti amuyang'anire njinga. Kenako anamanga mabuleki, anatsikira pa sitepe yoyamba, n'kukhala chofulatira kumene akupita. Manja kumbuyo, kudzikweza, kukoka miyendo. Manja kumbuyo, kudzikweza, kukoka miyendo. Pofika sitepe yachisanu ndi chiwiri siketi inali itada ndi fumbi. Bambo wina wotsika anafuna kumunyamula, iye anamuyang'ana diso limodzi lokha, bamboyo n'kupitiriza ulendo wake. Atafika pamwamba, thukuta lili kamukamu, anagogoda m'munsi mwa chitseko.

Tikiti anatsegula, anayang'ana kutsogolo osaona munthu, kenako anayang'ana pansi n'kugwira pakamwa.

"Mayo! Wakwera bwanji? Bwanji osandiimbira?"

"Ndimafuna ndidzaone kumene umagona. Ndipatse njira."

Chipindacho chinali chaching'ono: bedi, mbaula yamagetsi, yunifolomu ya ku depoti itapachikidwa pamsomali. Pakhoma pafupi ndi pilo panali chithunzi cha Kamphepo akuseka, chodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Anachiyang'ana kanthawi, mtima n'kufewa, koma anakumbukira chimene anabwerera. Anadzikweza pabedi n'kufotokoza zonse za achimwene.

"Ndikudziwa," anatero Tikiti motsitsa. "Anabwera dzulo pa windo. Anagula tikiti ya basi imene sanakwere."

"Unawauza chiyani?"

"Ndinati ndiganize kaye."

"Uganize chiyani?"

Tikiti anakhala pansi, atatsamira chitseko. "Usandidule pakamwa, undimve kaye. Iwe ndi ine tidzakhala kuti? Ndani adzatipatse nyumba? Koma ndikanalola, tikanakhala denga limodzi. Iwo amakhala pamsewu mwezi wonse. Amayi ako amandikonda. M'mawa uliwonse ndikanadzuka n'kukuona, popanda wotifunsa."

Chimene chinamuopsa Kamphepo n'chakuti maganizo omwewo anali atamudutsa iyenso m'mutu Lamulungu lija, ndipo kwa kamphindi anakoma.

"Ndiye achimwene akabwera ku ulendo, ine ndizimva bedi lanu likulira kuseri kwa khoma?"

"Usatero."

"Nditero. Ukadzabereka, ine ndidzakhale azakhali olera mwana? Ndipo iwo aja anakulakwira chiyani kuti uwasandutse chophimba chathu? Mapanga awiri avumbwitsa, Tikiti. Tinayamba ndi zogwirira, lero tafika pa ukwati. Mawa tidzanama chiyani?"

Tikiti anayamba kulira. "Iwe sukudziwa. Ine azakhali anga atapeza makalata a mtsikana wina m'chikwama changa, ananditayira zovala pamsewu mvula ikugwa. Ndinagona pa depoti pomwe paja masiku anayi ndisanapeze ntchito. Ndikaona amayi ako akundimwetulira, ndimafuna kumwetulira kumeneko kusathe."

Mkwiyo wa Kamphepo unasungunuka, koma maganizo ake sanasunthe. Anatambasula dzanja, Tikiti anabwera n'kuika mutu pamiyendo pake.

"Ndamva," anatero akumusisita tsitsi. "Sindikukakamiza. Koma ine moyo wanga wonse anthu akhala akundiuza kuti palibe adzandifune. Ndiye wapezeka wondifuna, ndimubisenso ndekha m'dzina la chifundo? Ayi. Loweruka ndikawauza amayi za ine. Dzina lako sindikatchula ngati sukufuna. Ukafuna, undipeze pa mphambano ya kwathu folo koloko. Koma ukabwera, udzayende kumbali kwanga, osati kumbuyo."

"Ndikapanda kubwera?"

"Ndidzalira, kenako ndidzapita ndekha."

Potsika masitepe, Tikiti sanayese kumunyamula. Anakhala pansi pambali pake n'kutsika naye chokhala, sitepe imodzi imodzi, mayi wa musitolo akuwayang'ana kukamwa kuli yasa.

*

Lachisanu wowotcherera uja anadulanso zogwirira zija. Ulendo uno sanaseke. Anangoti, "Chitsulo chimatopa, achemwali. Kachitatu sichidzagwira." Kamphepo anamuuza kuti azitaye.

Loweruka folo koloko inakwana, pa mphambano panalibe munthu. Kamphepo anadikira mphindi makumi awiri, akuyang'ana minibasi iliyonse yoima. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kupalasa kupita kunyumba.

Amayi anali pakhonde akusita zovala za kutchalitchi. Achimwene anali atapita kukatsukitsa lole.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Yankhula, makutu sagwira simbi."

"Achimwene asiye kumuvutitsa mnzanga uja. Ali ndi munthu."

"Ndani?"

"Ine."

Simbi inapitirira kuyenda pa bulauzi. "Iwe watani?"

"Ndine munthu wakeyo. Ndi chibwenzi changa, amayi. Ine amuna sindinawafunepo chibadwire. Ndimakonda akazi anzanga, ndipo amene ndimamukonda ndi iyeyo."

Kamphepo anali atakonzekera zonse: kukuwa, kulira, pemphero, ngakhale mbama. Chimene sanakonzekere ndi chimene chinachitika. Amayi anaimika simbi, anamuyang'ana mwachisoni, n'kuseka pang'ono.

"Mwana wanga, iwe. Ukudziwa chiyani za zimenezo? Munthu wakuchitira chifundo, wakukankha masiku awiri, basi mutu wazungulira. Si mlandu wako. Sunazolowere kukomeredwa mtima ndi anthu akunja, ndiye ukusokoneza chisoni ndi chikondi. Usadzanenenso, angamve mwini wake n'kuchita manyazi, mlongo wako n'kutaya mkazi wabwino."

Mawu amenewo anamulasa kuposa mbama. Anaulula chinsinsi chimene anachisenza zaka khumi ndi zisanu, ndipo chinalandiridwa ngati maloto a mwana.

"Ndili ndi zaka makumi atatu, amayi. Ndimakonza mafoni a tauni yonse ino. Mtima wanga wokha ndiye ndingalephere kuudziwa?"

"Mtsikana wokongola ngati uja, miyendo yake iwiri, angafune chiyani kwa iwe? Tanena, angafune chiyani?"

Geti linalira. Onse anatembenuka. Tikiti anali ataima pamenepo mu yunifolomu ya kuntchito, akupuma mothamanga, nsapato imodzi itaduka lamba. Mnzake womulandira pa windo anachedwa, ndipo anathamanga wapansi kuchokera pa mphambano. Anayenda mpaka pakhonde n'kuima pambali pa njinga.

"Wafika bwino, mwanawe," anatero amayi. "Tamumva mnzakoyu zimene akubwebweta."

"Ndamva pang'ono ndili pageti, amayi. Sakubwebweta. Ndimamukonda."

"Tonse timamukonda."

"Ayi, amayi. Si choncho. Mumafunsa chimene ndingafune kwa iye. Ndinayamba ndine kumufuna. Iye anandikana kawiri. Sindine womuthandiza, sanafunepo womuthandiza. Zokankha njinga zija ndinayambitsa ndine chifukwa cha mantha, ndipo ndinamulakwira. Achimwene ndi munthu wabwino, koma sindingawalole, chifukwa mtima wanga uli apa."

Anagwira dzanja la Kamphepo, zala kulowa m'zala, amayi akuona. Kamphepo anamva chimwemwe chikudzaza mumtima. Kaya kugwe chiyani, mawu amenewo ananenedwa masana, pakhonde la kwawo.

Fungo la nsalu yopserera linawadzidzimutsa. Simbi inali itagwera pa bulauzi. Amayi anaichotsa pang'onopang'ono, ndipo pamene anadzutsa nkhope, chisoni chija chinali chitatheratu.

"Ndiye kuti unalowa m'nyumba mwanga, unadya chakudya changa, uli ndi zimenezi kumtima? Unasowa anzako amiyendo kunjaku, n'kusankha mwana wanga woti sangathe kukuthawa?"

"Amayi!" anakuwa Kamphepo. "Palibe anandinyenga. Ndinakwera ndekha masitepe a kwawo!"

"Iwe khala chete, sukudziwa chimene wachitidwa." Sanamuyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Tikiti. "Njoka iwe. Wolumala amene anthu amamumvera chisoni, iwe n'kumuona ngati nyama yakugwera. Tuluka. Ndipo mabwana ako a ku depoti amva zimene umachita ndi anthu osatha kudziteteza."

Sabata yomweyo Tikiti anali mngelo, tsopano anali chilombo, ndipo m'nkhani zonse ziwirizo Kamphepo analibe mbali yake. Anatembenuza njinga kuti atuluke limodzi ndi wokondedwa wake, koma Tikiti anawerama n'kumunong'oneza.

"Tsala lero. Ukachoka tsopano adzati ndakuba. Alole apse mtima, agone. Ndibwera mawa m'mawa, ndipo ndidzalowera pageti lomweli."

Pageti Tikiti anakumana ndi achimwene akulowa, atanyamula kajumbo ka mphatso kokulungidwa bwino. Anamwetulira n'kuvula chipewa. Tikiti anawadutsa mutu uli pansi.

*

Madzulo amenewo m'nyumba munalibe woyankhula ndi Kamphepo. Anamva amayi ndi achimwene akukambirana kuchipinda chochezera, mawu a amayi akukwera, a achimwene osamveka n'komwe. Iye anapita kuchipinda kwake, anaimika njinga pambali pa bedi monga mwa masiku onse, n'kugona tulo tabwino timene anali asanagonepo miyezi yambiri.

Chinamudzutsa m'mawa ndi kulira kwa injini ya lole. Kunja kunali kutayera kale. Anatambasula dzanja kuti akoke njinga, dzanja linagwira mphepo.

Anadzuka n'kukhala tsonga. Pamene panali njinga panali poyera, timizere ta matayala tokha pasimenti. Anadzikokera kuwindo n'kukankha katani. Lole inali ikutuluka pageti chobwerera m'mbuyo, ndipo pamwamba pa matumba a katundu panali njinga yake, itagonekedwa chagada, itamangidwa ndi chingwe cha buluu, tayala limodzi likuzungulira lokha. Achimwene anayang'ana kuwindoko kamodzi, maso ali ofiira ngati munthu amene sanagone, n'kutembenuza nkhope. Ulendo wawo unali wa milungu itatu.

Amayi anakoka geti, anakhoma loko, makiyi n'kuwaponya m'chikwama cha kutchalitchi. Kenako anabwera kudzaima pakhomo la chipinda chake, atavala bulauzi ina.

"Ndachita izi chifukwa ndine mayi ako," anatero. "Upume pakhomo mpaka mutu ubwerere m'malo. Tsiku lina udzandithokoza."

"Mwandidula miyendo kachiwiri, amayi."

Amayi anatembenuka. Anapita kuchipinda kwawo kukamanga duku.

Foni inanjenjemera pansi pa pilo. Unali uthenga wa Tikiti: "Ndili pageti. Akhoma. Ndaona lole. Ndichite chiyani?"

Kamphepo anayang'ana chitseko cha chipinda, kenako khonde, kenako bwalo lamiyala limene linali pakati pa nyumba ndi geti. Mantha analipo, ndipo sanadzinamize kuti palibe. Analemba kuti: "Usachoke. Ndikubwera." Anaika foni m'thumba la malaya, anavala magolovesi ake opalasira, n'kutsitsa manja onse awiri pansi.